LIU LAKUTI MTENGATENGA: TANTHAUZO LACHE NDI MBIRI YACHE

Pakati pa maina amene anthu a dziko lino atcha nawo munthu wogwira nchito ya manja yosalira luso, pali limodzi limene tifuna kulifotokoza bwino kwa aphunzitsi ndi akatekisiti anzathu, ndilo lakuti mtengatenga. Ana a sukulu alimva liuli kawirikawiri pa wailesi pamene atchula nduna ya za mtengatenga, ndipo ayesa kuti linena magalimoto, sitima ndi ndege zokha. Komatu poyamba linali dzina la munthu wosauka wosenza katundu wa mwini pamutu pache, ndipo mphunzitsi amene sadziwa mbiri ya munthuyo sangathe kumasulira liulo molongosoka.

Za kapangidwe ka liuli

Tsinde la liuli ndilo -tenga. M'Chinyanja tiri nawo mau ambiri onena za katundu, ndipo liri lonse liri ndi malo ache. Kusenza ndiko kuika katundu pamutu, monga achitira mkazi ndi mtsuko wa madzi. Kubereka ndiko kuika kumsana, monga mai ndi mwana wache. Kunyamula ndiko kukweza chinthu ndi kumuka nacho. Kutula ndiko kuchitsitsa pofika. Kutenga sikutchula mutu kapena msana, kungonena kuti chinthu chachoka pano m'manja mwa munthu.

Tsono tikabwereza tsinde kawiri, tanthauzo lisintha monga mwa lamulo lodziwika la chinenero chathu. Tinena kuyenda ndi kuyendayenda, kufuna ndi kufunafuna, kuyang'ana ndi kuyang'anayang'ana. Kubwerezako kusonyeza kuti chinthu chichitika kambiri, uku ndi uku, chosafika msanga potha. Woyenda ali nako kumene apita, pamene woyendayenda sakhala ndi pofikira pamodzi. Momwemonso wotenga atenga kamodzi nafika. Koma wotengatenga atula katundu uyu madzulo, m'mawa mwache asenza wina, wa mwini wina, wonka kwina.

Patsogolo pa tsinde tiikapo m-, amene asandutsa mau a kuchita akhale dzina la wochitayo. Maina ambiri otere atsiriza ndi -i, monga mlimi, msodzi, mphunzitsi. Ena asunga -a, monga mlonda ndi mbusa, ndipo mtengatenga ali m'gulu lachiwirili. Pochulukitsa anthu ambiri ati amtengatenga, ena ati atengatenga, ndipo mwana akalemba njira iri yonse ya ziwirizi mphunzitsi asamyese wolakwa.

Chimene chiyenera kusamalidwa koposa ndi ichi, kuti liu lomweli litchula munthu, litchulanso nchito yache. Tikati, “Mtengatenga uyu watopa, akufuna madzi,” tinena munthu. Tikati, “Mtengatenga uwu unatha anthu,” kapena “Atate ache anamka ku mtengatenga,” tinena nchito. Mau ogwirizana nalo, uyu ndi uwu, a- ndi u-, ndiwo atiuza tanthauzo limene wolankhula afuna. Tiona kutsogoloku kuti tanthauzo loyambalo linafota, lachiwirilo ndilo linakula.

Chifukwa chache katundu anayenda pamutu

Dziko lathu liri kutali ndi nyanja yamchere, ndipo njira yofikira kunja inali ya pamadzi: Zambezi, Shire, ndi nyanja yathu yaikuru. Koma Shire ali ndi chilema chimodzi, pakuti kuyambira ku Matope kufikira ku Kapichira madzi atsika pa mathithi pamene bwato kapena sitima sizingapite, ndipo njira yolambalala mathithiwo inali ya mamailosi ngati 60. Ngolo zikadathandiza, koma m'zigwa munali kashembe, ntchentche ija yopha ng'ombe, akavalo ndi aburu. Chotero panatsala mutu wa munthu ndi nkhata yache.

Kusenza katundu ulendo wautali makolo athu anakudziwa Azungu asanafike. Anthu anali kunka ndi mchere wa ku Chilwa, makasu ndi nsomba zouma kukasinthanitsa ku midzi yakutali. Ndipo Ayao ndi Abisa anali kutsogolera maulendo akuru a minyanga ya njobvu kunka ku Kilwa ndi ku Quelimane, m'mene osenza ena anali mfulu, ena akapolo ogulitsidwa pamodzi ndi minyangayo. Koma dzina lakuti mtengatenga linabuka ndithu m'masiku a sitima ndi makampani, pamene kusenza kunasanduka nchito ya malipiro yolembedwa m'buku. Azungu omwe analitola liuli naliyankhula m'Chingerezi chao, pamodzi ndi liu lina lakuti ulendo.

M'chaka cha 1875 gulu loyamba la mishoni ya Livingstonia, lotsogozedwa ndi E. D. Young, m'mene munalinso Dr. Robert Laws, linafika pansi pa mathithi ndi sitima yaing'ono dzina lache Ilala. Anaiphwasula zidutswazidutswa, ndipo mafumu a Amakololo a m'chigwa cha Shire anasonkhanitsa amuna ngati 800, amene anasenza zitsulo zonse m'dzuwa la chirimwe, pa miyala ndi m'zitunda, kufikira kumtunda kwa mathithi. Malipiro ao anali nsalu. Young anachitira umboni kuti panalibe kanthu kanasowa kapena kuonongeka, ngakhale munthu ali yense akadatha kuthawa ndi katundu wache m'thengo. Sitimayo anailumikizanso, ndipo pa 12 Okutobala 1875 inalowa m'nyanja.

Patapita zaka zitatu, mu 1878, inayamba kampani ya malonda ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa abale awiri oiyang'anira. Kuyambira pamenepo njira yochokera kwa Katunga, kukwera ku Blantyre, ndi kutsikiranso ku Matope, sinaume mapazi. Nsalu, mchere, malata ndi makina zinali kukwera. Minyanga ndi khofi zinali kutsika. Kumpoto kunalinso njira yotere, mseu wa Stevenson umene anauyamba mu 1881, wochokera ku Karonga kunka ku nyanja ya Tanganyika. Ndipo zitsulo za sitima ya Good News, ya amishoni a London Missionary Society, zinapita pomwepo pamitu ya anthu. Atonga a ku nyanja ndi Angoni a ku Ntcheu ndi Dedza anatsikira kummwera ambiri kudzagwira nchitoyi.

Katundu wa munthu mmodzi anali wa mapaundi 50 kufikira 60, ndipo ulendo wa tsiku limodzi unali wa mamailosi ngati 15. Aphunzitsi angapange samu yabwino pamenepa. Tani imodzi iri ndi mapaundi 2,240. Munthu ali yense akasenza mapaundi 56, pafunika amuna 40 kuti tani imodziyo isunthe. Ana akawerenga chotero adzazindikira okha kuchuruka kwa anthu amene anali m'njira masiku onse. Mabelu a m'matchalitchi oyamba, mabuku, masileti, mankhwala ndi makina osindikizira a ku mishoni, zonsezi zinafika mwa njira yomweyo. Pano mwambi wakuti “Mutu umodzi susenza denga” unaoneka ndi maso.

Mau ena anayenda pamodzi ndi mtengatenga. Woyang'anira gulu anali kapitao, liu lochokera kwa Apwitikizi. Chakudya cha pa ulendo chopatsidwa ndi wolemba nchito chinali phoso. Ndipo panali machila, nsaru yolimba yomangidwa ku mtengo wautali, m'mene Mzungu wa Boma, wamalonda kapena mmishoni anali kugona, amuna awiri kapena anai namnyamula mothamanga, anzao alikutsata pambuyo kuti alandirane. Lero machila ndiwo onyamulira odwala okha.

Msonkho ndi njanji

Masiku oyamba munthu anali kusenza mwa kufuna kwache, kuti apeze nsalu. Boma la Angerezi litakhazikika mu 1891 linaika msonkho wa nyumba, wolipidwa ndi ndarama, ndipo munthu wa kumudzi analibe popezera ndarama koma kwa Mzungu. Kuyambira 1902 lamulo linati amene wagwira nchito kwa Mzungu mwezi umodzi alipire theka lokha la msonkho, ndipo lamuloli linakhala kufikira 1921. Chotero ambiri anapita ku mtengatenga mitima iri kumudzi, ndipo dzinalo linayamba kumveka ngati la munthu wokankhidwa ndi umphawi.

Panalinso bvuto la nyengo. M'chirimwe osenza anali ochuruka. Mvura ikagwa anabwerera kukalima minda yao, monga kuyenera munthu wa banja, ndipo katundu anaunjikana pa madooko a Shire miyezi yambiri. Eni minda ya khofi anadandaula kuti anthu amene akadawalimira atha m'njira. Ichi ndi chimodzi cha zifukwa zimene anamangira njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero titi Nsanje, imene inafika ku Blantyre mu 1908. Anthu anayesa kuti masiku a mtengatenga ali pafupi kutha, osadziwa kuti oipitsitsa anali m'tsogolo.

Mtengatenga wa nkhondo

Nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani inafika kuno msanga, pakuti dziko la Ajeremani, limene lero liri Tanzania, linachita malire ndi lathu. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Boma, Guendolen, inaombera sitima ya Ajeremani pa dooko la Sphinxhaven tsidya la nyanja, ndipo pa 9 Seputembala anamenyana ku Karonga. Mu 1916 ankhondo a General Northey analowa m'dziko la Ajeremani, nalondola General von Lettow-Vorbeck m'mapiri ndi m'madambo. Iye anaolokera ku Mozambique mu Novembala 1917, ndipo sanatule zida kufikira pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, kumene tsopano ndi Mbala m'dziko la Zambia. M'maiko onsewa munalibe miseu yokwanira, ndipo nyama zokoka zinafa ndi kashembe. Zipolopolo, mfuti zazikuru, mahema ndi ufa zinayenda pamutu.

Samu ina itionetsa chifukwa chache nkhondoyi inadya anthu ambiri chotere. Tiyese kuti munthu asenza ufa wa mapaundi 60, nadya mapaundi 2 tsiku liri lonse. Akayenda masiku 15 kupita ndi masiku 15 kubwera, wadya katundu wache yense, ndipo msilikali amene anali kudikira ufawo salandira kanthu. Chotero njira ikatalika panafunika osenza ena onyamula chakudya cha osenza anzao, ndi enanso onyamula cha iwowa. Asilikali akapita patsogolo mtunda pang'ono, kumbuyo Boma linafuna amuna mazanamazana oonjezera.

M'zaka zinai za nkhondo amuna a Nyasaland pafupifupi 19,000 analowa usilikali, koma amene analembedwa pa mtengatenga anali pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ache onse, akazi ndi ana omwe, anangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ofuna okha atatha, Boma linalamula mafumu apereke chiwerengero cha amuna, ndipo mfumu yolephera inali kulangidwa kapena kuchotsedwa. Asilikali a Boma anali kuzinga midzi usiku. Amuna anathawira kumapiri ndi m'mabango, ndipo malo ena akazi anagwidwa kufikira amuna ao atadzipereka. Midzi inatsala ndi nkhalamba, minda inachepa, ndipo njala inatsata.

John Chilembwe wa ku Mbombwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino alikutengedwa kukafera nkhondo imene siiri yao. Ndipo ichi chinali chimodzi cha zifukwa za kuukira kwache pa 23 Januwale 1915. Ku Mozambique nako, kugwira anthu mokakamiza kuti akalime mseu ndi kusenza za nkhondo kunautsa Abarue mu 1917, ndipo ambiri othawa nkhondo imeneyo anadzakhala m'chigwa cha Shire.

Amtengatenga ambiri sanafe ndi chipolopolo. Anafa ndi kamwazi, chibayo, malungo, zironda za kumapazi ndi njala, pakuti phoso likachepa woyamba kumanidwa anali wosenza. Potsiriza, mu 1918, inadza nthenda ya fuluwenza, imene inayenda ndi magulu obwerera kwao. Maina a asilikali amene anafa analembedwa pa nsanja ya chikumbutso ku Zomba, koma osenza ambiri anaikidwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro. Mu 2021 bungwe losamala manda a ankhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linabvomera poyera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa m'nkhondo imeneyo, ambiri a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi maina ao monga anachitira ndi Azungu. Ku Dar es Salaam kuli dera lotchedwa Kariakoo, ndi ku Nairobi lina lotchedwa Kariokor. Maina onse awiri achokera ku mau a Chingerezi akuti Carrier Corps, ndilo gulu la osenza a nkhondo yomweyi, amene misasa yao inali pamenepo.

Kusiyana kwache ndi maina ena

Ana asokoneza kawirikawiri mtengatenga ndi maina ena atatu, ndipo nkwabwino kuwasiyanitsa.

Loyamba ndi waganyu. Ganyu ndi liu lochokera ku Chipwitikizi, ganho, ndiko kuti phindu kapena cholandira. Waganyu apangana ndi mwini nchito za ndime yakuti kapena tsiku limodzi, alandira ndarama kapena chimanga, nagona kwao usiku womwewo. Mtengatenga anali kuchoka pamudzi masabata kapena miyezi, ndipo nchito yache inali imodzi yokha, kusenza.

Lachiwiri ndi thangata. Kuthangata ndi liu labwino la makolo, lofanana ndi kuthandiza: mbale athangata mbale wache kumunda, anthu athangata mfumu yao. Koma eni minda yaikuru ya ku mapiri a Shire analitenga natcha nalo nchito imene munthu wokhala pa malo ao anayenera kugwira m'malo mwa lendi, ndipo liulo linaipa kufikira lamulo linathetsa mwambowo mu 1962. Wolemba mbiri Melvin Page, amene anafunsa okalamba ambiri a m'Malawi m'zaka za ma 1970, anapeza kuti iwo anali kutcha mtengatenga wa nkhondo ija thangata, pofuna kunena nchito yokakamiza yopanda phindu kwa woigwira. Chotero mau awiriwa anakomana m'nkhondo, ngakhale chiyambi chao nchosiyana.

Lachitatu ndi kapolo. Kapolo anali chuma cha mbuye wache, wogulidwa ndi kugulitsidwa. Mtengatenga anali mfulu wa mudzi wache ndi pfuko lache, ndipo ngakhale pamene anamgwira mokakamiza, nthawi yache ikatha anali ndi kwao kobwerera. Mphunzitsi asalole ana kunena kuti amuna 800 aja amene anasenza Ilala anali akapolo.

Kumene liuli lafika

Nkhondo itatha, magalimoto a katundu anachuruka m'zaka za ma 1920, nayamba kutuluka ndi fodya wa ku Lilongwe ndi Dowa. Njanji ya Trans-Zambezia inatsegulidwa mu 1922, mlatho waukuru wa pa Zambezi unatha mu 1935, ndipo chaka chomwecho sitima ya pamtunda inafika ku Salima. Mizere yaitali ya osenza inachepa chaka ndi chaka kufikira inaleka kuoneka m'miseu yaikuru.

Tanthauzo loyamba lija, la munthu, linafota pamodzi ndi mizereyo; koma lachiwiri, la nchito, linatsala. Pamene olemba nyuzi ndi a wailesi anafuna liu limodzi lotchula kayendedwe konse ka anthu ndi katundu, pamseu, panjanji, panyanja ndi mumlengalenga, sanabwereke la chilendo, pakuti lao linalipo kale. Ndicho chifukwa chache lero timva za mtengatenga wa pamadzi, za kukwera mtengo kwa mtengatenga, ndi za unduna wa za mtengatenga. Dzina la wanchito wotsika koposa onse m'masiku a atsamunda lakhala dzina la unduna wa Boma, ndipo ambiri a iwo amene alitchula sadziwa kumene linachokera.

Osenza okha sanathe. Alipo m'misika ya Limbe ndi Lilongwe onyamula matumba a chimanga, alipo pa Phiri la Mulanje operekeza alendo, alipo anyamata a kabaza opalasa njinga ndi munthu kumbuyo, ndipo alipo amai athu osenza nkhuni ndi madzi masiku onse. Tamva ana ena a sukulu alikutonza anzao osakhoza mayeso kuti, “Iwe udzakhala mtengatenga.” Mwana wotere aphunzira kunyoza nchito imene mwina atate ache adya nayo, ndipo mnzache wotonzedwayo aphunzira kuchita manyazi ndi kwao. Mphunzitsi akamva chitonzo chotere, asangokalipa. Aitane ana onse, alembe liulo pa bolodi, aligawe m-tenga-tenga, nawafotokozere kuti belu loyamba la pa mishoni ndi sileti yoyamba ya m'sukulu zinafika bwanji.

Tipemphanso chinthu chimodzi. Amene anasenza m'nkhondo ya 1914 anatha onse, koma adzukulu ao akalipo, ndipo m'mabanja ambiri asunga dzina la gogo amene anamka ku Karonga kapena kutsidya la nyanja osabweranso. Aphunzitsi ndi akatekisiti afunse m'midzi imene atumikira, alembe dzina la munthuyo, mudzi wache, mfumu yache, ndi kumene anthu akumbukira kuti anafera. Alembenso ngati kwaoko anena amtengatenga kapena atengatenga, ndi mau ena amene atchula nawo wosenza katundu m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chilomwe kapena m'Chisena. Zimene mudzapeza mutitumizire, kuti tidzazisindikize m'tsamba lino.